Tebulo Limodzi ndi Apongozi

Loweruka lapitali ndinadya mbale ziwiri za nkhuku pa hotela ina ku Norton. Ndinene poyambirira kuti silinali dyera. Ndinali pa ntchito.

Inu amene mumawerenga danga lino mlungu ndi mlungu mukudziwa kuti pa nkhani ya zakudya, mu komboni yathu kuno ku Trelawney, katswiri ndine. Ukatswiriwo ndinautenga ku koleji ya aphunzitsi, komwe ndinakhalako mpaka tsiku limene akuluakulu a kumeneko ndi ine tinagwirizana mwamtendere kuti aliyense apitirize moyo wake payekha. Satifiketi sindinabwere nayo. Ndinabwera ndi luso logwira foloko kumanzere ndi mpeni kumanja. Panopa ndimayeza mabelo a fodya pa pulazi, koma anthu amanditchulabe kuti Aphunzitsi, ochepa mwaulemu, ambiri ayi.

N'chifukwa chake msuweni wanga Layisoni anandilondola pakhomo panga n'kundikokera kuseri kwa nyumba.

"Msuweni, iwe unadyapo ku hotela?"

"Ndinadutsapo kangapo."

"Basi, ndiwe amene. Loweruka tikupita ku Norton, ukatiwerengere chakudya."

"Tikupita ndi yani?"

"Ine, iwe, Rozina, ndi makolo ake."

"Apongozi ako aakazi nawonso?"

"Iwowo ndiye eni ulendo."

"Akakhala pati?"

"Pampando, nanga pati? Ku hotela mipando ndi yambirimbiri."

Pamenepo panafunika funso lina. Koma munthu amene walonjezedwa nkhomaliro yaulere sakhala ndi mafunso ambiri.

Nkhani ya Layisoni ili motere. Anakwatira Rozina, mwana wa Bambo ndi Mayi Zuze, anthu a ku Tete amene anafika pa pulazi lino ife tisanabadwe. Monga mwa mwambo, mkamwini anakhala pafupi ndi kwa mkazi, mzere womwewo wa nyumba, ndipo kumeneko kunabadwa mwana wawo Tereza. Chaka chino mwayi wamugwera: wapeza ntchito yoyendetsa lole pa kampani ina ku Norton. Kampaniyo ili ndi tinyumba ta anthu apabanja, ndipo kamodzi amulonjeza iye. Koma amuuza mosabisa kuti mwezi ukatha mkazi asanaoneke, kanyumbako kapita kwa wina, iye akhalabe m'chipinda cha mbeta zachimuna momwe anthu amagona mothithikana ngati masamba a fodya m'bani youmitsira.

Tsono mkazi satengedwa ngati khasu. Umapempha chitengwa. Ankhoswe anapita kukapempha. Bambo Zuze anati iwo alibe mawu, zomwe aliyense wokwatira akudziwa tanthauzo lake. Mayi Zuze anati, "Tamva." Ankhoswe anapitanso. Mayi Zuze anati, "Tinamva kale."

Ndiye Layisoni anaganiza mwanzeru za anyamata a masiku ano. Anati apongozi akuopa kuti mwana wawo akavutika m'tauni. Akangoona ndi maso awo kuti ku Norton anthu amadya pa tebulo loyala nsalu yoyera, wina ataima pambali kuwadikirira, mtima wawo ufewa.

Nzeruyi inali ndi bowo limodzi lokha, koma bowolo linali lokwana ng'ombe.

Chikwatirireni, Layisoni sanayambe waonapo nkhope ya Mayi Zuze mwachindunji. Akakumana pa njira ya ku mjigo, mmodzi amalowa m'udzu. Tsiku lina Layisoni analowa ndi njinga yomwe, mumtsinje wa madzi ochapira. Akafuna kulankhulana, mawu amadzera mwa Rozina, ngakhale onse atakhala bwalo limodzi, wina atayang'ana kum'mawa wina kumadzulo. Za kudya ndiye musanene. Mayi Zuze sanaonepo nsagwada za mkamwini wawo zikuyenda, ndipo iyenso, malinga ndi umboni umene ali nawo, sangalumbire kuti apongozi ake amadya.

Paulendo zonse zinayenda bwino. Ndikufuna ndiyamikire kombi, minibasi yathu ya kuno, pamaso pa anthu. Kombi ili ndi zolakwa zambiri, koma imadziwa mwambo: anthu onse amayang'ana kumodzi. Layisoni anakhala kutsogolo, apongozi kumbuyo kwenikweni, ndipo tinafika ku Norton ulemu wa aliyense uli wathunthu.

Hotelayo ndi imodzi mwa zija zimene nthawi ya Rhodesia makolo athu ankagulira pa kawindo ka kuseri. Lero khomo lakutsogolo ndi lotsegula. Tinalowera pamenepo, Bambo Zuze atavala jekete la ku tchalitchi, Mayi Zuze atamanga duku latsopano lomwe linkamveka kukhuthala kwake ukamayandikira. Anatilandira bambo wina wamtali woperekera zakudya, Mshona, wa tayi yagulugufe.

"Pindai, pindai," anatero, kutiuza kuti tilowe, n'kutitsogolera pakati penipeni pa chipinda.

Tebulo lake linali lozungulira.

Abale anga, munayamba mwaganizapo za tebulo lozungulira? Lilibe kumbuyo. Lilibe kumbali. Paliponse pamene ungakhale, munthu amene ukumuthawa ali pamaso pako kapena pachigongono pako. Amene analipanga anali munthu wopanda apongozi.

Tinalizungulira tebulolo ngati anthu ofuna kugwira nkhuku. Rozina anasintha mpando, ine ndinasintha, Bambo Zuze anakhala n'kudzukanso. Woperekera uja anangogwira mpando umodzi kudikira kuti wina akhalepo. Potsiriza Mayi Zuze anaukoka mpando wawo, n'kuutembenuza cham'mbali, n'kukhala moyang'ana khoma. Pakhomapo panali nsomba yaikulu youmitsa, yokhomedwa pa thabwa, kukamwa kuli yasa. Kuyambira pamenepo zonse zimene Mayi Zuze ananena anauza nsombayo.

Layisoni anapulumutsidwa ndi chipepala cha mayina a zakudya. Chinali chachikulu ngati chitseko cha khola. Anachiimika patsogolo pa nkhope yake, ndipo kwa kanthawi tinakhala ngati banja.

Ntchito yanga inayamba. Ndinawerenga chipepala changa mofatsa, kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuitanitsa nkhuku ndi tchipisi kwa aliyense. Zakudya zinazo zinali ndi mayina amene, ndikukhulupirira, ankaphunzitsa chaka chimene ine ndinali nditachoka kale. Sadza, nsima ya kuno, linalipo, pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono ngati likuchita manyazi. Nditalitchula, Layisoni anandiponda phazi. Munthu sakwera kombi kuchokera ku Trelawney kudzadya zomwe wasiya kunyumba.

"Ndi vinyo," anatero mawu ochokera kuseri kwa chipepala. "Wofiira. Wa botolo."

Vinyo anabwera, wa m'dziko momwe muno, wa mphesa za cha ku Marondera. Woperekera analigoneka botolo pa mkono n'kulionetsa kwa Layisoni monga namwino amaonetsera bambo khanda. Layisoni anasuzumira pambali pa chipepala n'kuvomera kuti ndi lakedi. Bamboyo anatsegula, n'kuthira timadontho m'tambula ya mwendo umodzi, n'kubwerera m'mbuyo, manja kumsana.

Bambo Zuze anayang'ana timadonthoto.

"Watha?"

"Ayi, bambo," ndinatero. "Uwu ndi wolawa. Wina amayamba walawa, ena onse asanamwe."

"Eya! Mwambo wabwino umenewo. Sindinkadziwa kuti azungu nawonso amaopana." Anatembenukira kwa woperekera. "Koma wolawa ndi mwini mowa. Wabwera nawo ndi uyu. Amwe iyeyu."

"Hazvibvumirwi, sekuru," anatero bamboyo, kutanthauza kuti saloledwa.

"Saloledwa kumwa mowa wake womwe? Ndiye muli chiyani m'menemo?"

Koma vuto lalikulu linali litafika kale. Tambula inali m'dzanja la Layisoni. Kuti alawe, anayenera kutsitsa chipepala, kukweza chibwano, ndi kumeza, kholingo likuyenda poyera, apongozi ali pomwepo. Mayi Zuze anakokera duku lawo kutsogolo. Rozina analankhula osatsegula mano.

"Bambo a Tereza, musayerekeze."

Woperekera anali chiimire. Pa matebulo ena anthu anayamba kutembenuka. Apa m'pamene munthu wophunzira amaonekera. Ndinatambasula dzanja, n'kutenga tambulayo, n'kuipukusa pang'ono monga ndinaonera pa kanema, n'kununkhiza.

Kwa okonda vinyo, lipoti langa ndi ili. Fungo lake ndi la bani ya fodya masamba akayamba kufiira, kuphatikizapo thumba lonyowa. Pakamwa amayamba mwaulemu, kenako amagwira lilime ngati masau osapsa, ndipo akatsika amasiya kutentha kumene kumakufunsa ngati unadya m'mawa. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Sindinamvepo za munthu amene anapukusa mutu kukana, ndipo sindinafune kuti mbiri iyambire pa ine.

Bambo Zuze analawa wawo, n'kupendeketsa mutu ngati akumvetsera wailesi yakutali.

"Ku Tete," anatero, "vinyo ankabwera m'chibotolo chovala dengu. Mpwitikizi wa sitolo ankathiramo madzi a mumtsinje asanatigulitse. Tonse tinkadziwa. Ameneyo ndiye anali vinyo. Uyu akusowa kanthu."

Anatenga jagi ya madzi, n'kudzazitsa tambula yawo, n'kulawanso.

"Tsopano wafika."

Mayi Zuze vinyo amamudziwa ali m'manja mwa wansembe basi. Anawaikira chakumwa cha malalanje. Sanachikhudze. Kumwa ndi kudya ndi pachibale.

Kenako mbale zinafika, zisanu, zofanana ngati ana a sukulu pa mzere: ntchafu ya nkhuku yowuma, mulu wa tchipisi, ndi tsamba laliwisi limene kwathu timapatsa akalulu a m'khola.

Apa ndiloleni ndiime pang'ono, poti ngakhale pa tebulopo panalibe amene anasuntha.

Nkhuku ya kunyumba imalankhula. Ikaphedwa pakhomo, komboni yonse imadziwa kuti kwabwera munthu, kapena pali nkhani. Ikaphikidwa, chiwalo chilichonse chimakhala ndi mwini wake chisanatuluke mumphika. Miyendo ndi mutu n'za ana. Khosi ndi la munthu amene wangopezekapo, ndipo ine makosi ndawadya ambiri. Msana uli ndi eni ake. Ndipo pali nthutumba, kanyama kolimba kaja kamene nkhuku imaperera chakudya. Kameneko kamapita kwa munthu amene nkhukuyo yafera. Mukampatsa mlendo nkhuku yonse koma nthutumba mulibe, mwamuuza kuti wadya zotsala za wina. Mukaikamo, mwanena zimene pakamwa sipangathe kunena.

Amayi athu sanapite ku koleji, ngakhale ya theka, koma ndi mbale imodzi amatha kukulandira, kukudzudzula, kukukhululukira, kapena kukuuza kuti ulendo wako watalika ndipo kwanu akukusowa.

Nanga mbale ya ku hotela imanena chiyani? Imanena kuti walipira. Ya mkulu ndi ya mwana n'chimodzimodzi. Ena amati kumeneko ndiye kufanana kumene tinkafuna, ndipo sindikutsutsa. Ndikungonena kuti Layisoni anabweretsa apongozi ake mtunda wonsewo kuti chakudya chimulankhulire, n'kusankha chakudya chosalankhula.

Amene anayamba kulankhula ndi Mayi Zuze, kuuza nsomba ija.

"Rozina, nkhuku ya kuno ili ndi miyendo isanu?"

"Ndi nkhuku zingapo, amayi."

"Zafera yani?"

Rozina anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana tsamba laliwisi.

"Tafunsa nthutumba zake zapita kuti."

Ndinamufunsa woperekera m'Chishona changa cha pa sikelo. Anayankha mwaulemu kuti nkhuku zimabwera m'makatoni, zoduladula kale, ndipo za m'kati sizifika kuno. Ndinamasulira. Mayi Zuze ndi nsomba anayang'anana nthawi yaitali.

Tchipisi chinayamba kuzizira, ndipo tchipisi chikazizira sichibwerera.

Taonani mmene zinthu zinalili. Mayi Zuze akabwerera ku Trelawney ndi njala, pofika madzulo komboni yonse ikhala itamva kuti mkamwini anawatengera ku Norton kukawaonetsa chakudya. Akadya pamaso pake, ndiye kuti ulemu umene ausunga zaka zonsezi wathera pa ntchafu youma, ndipo munthu amene wakuvula ulemu sumupatsa mwana wako. Njira zonse ziwiri zinkathera m'chipinda cha mbeta.

Ndinayesa zimene ndikanatha. Ndinapempha tebulo lina. Bamboyo anati alipo, n'kuloza lapafupi, limene linali loyang'anizana ndi lathu. Ndinafunsa ngati mbale imodzi ingatuluke panja. Anati mbale za m'chipinda chodyera sizituluka, ndi lamulo. Ndinaona m'maso mwake kuti nkhaniyo waimvetsa, pakuti nawonso Ashona ali ndi apongozi, koma tayi yagulugufe ili ndi malamulo ake. Kwa eni kulibe mkuwe.

Pamenepo chipepala chija chinatsika.

Layisoni anachiika pa tebulo, maso ali pansi. Anatsetsereka pampando n'kunjuta, suti yobwereka ikulira m'maondo, n'kuwomba m'manja mofatsa, pakati pa hotela, azungu awiri a pa tebulo la pakona akuonerera mafoloko ali m'mwamba.

"Amake Tereza," anatero, "uwauze amayi kuti ndikukaona matayala a lole."

Tonse tinabwera pa kombi. Lole inali ku kampani, kutsidya kwa njanji, yokiyidwa mpaka Lolemba.

"Eya," anatero Bambo Zuze. "Matayala ndi ofunika."

Layisoni anatuluka chobwerera m'mbuyo mpaka pakhomo. Anakaima pakhonde, kuseri kwa zenera lalikulu, atatifulatira, manja m'matumba. Mukudziwa mphepo ya mwezi uno mmene imachitira ku Norton. Imachokera ku damu, ndipo sifunsa kuti suti ndi ya yani.

Mayi Zuze anatsanzikana ndi nsomba n'kutembenuza mpando. Anayang'ana foloko ndi mpeni, n'kuziika pambali monga munthu amachotsera zidole za ana pamphasa. Rozina anawathirira madzi a mujagi, iwo n'kusamba m'manja pamwamba pa kambale ka buledi. Anapemphera. Kenako anadya, pamaso pa amuna awo ndi pamaso panga. Ine sandiwerengera.

Monga katswiri, ndinayembekezera chigamulo chawo, ndipo sichinachedwe.

"Nkhuku iyi sinayendepo," anatero. "Fupa lake n'lofewa ngati la khanda. Msuzi anamwa ndani?"

"Imaphikidwa choncho, amayi. Yopanda msuzi."

"Ndiye munthu amameza bwanji?"

"Ndi vinyo," anatero Bambo Zuze, amene tambula yawo inali itafikanso kachiwiri.

Mbale ya Layisoni inali pamalo pake, yosakhudzidwa. Mayi Zuze anailoza ndi fupa.

"Aphunzitsi, chakudya cha mwini ulendo chisabwerere kukhitchini kwa anthu osawadziwa. Simudziwa chimene angachite nacho. Idyani."

Mwamva nokha. Ndinalamulidwa. Ndinaikokera mbaleyo kwa ine ndi mtima wolemera, ndipo ndinagwira ntchitoyo mpaka kumapeto, ndi foloko kumanzere.

Ndili pakati pa ntchito, ndinaona kuti Mayi Zuze asiya kutafuna. Ankayang'ana pazenera. Mwambo umaletsa nkhope, koma za msana sunenapo kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti aka kanali koyamba kuti amuone mkamwini wawo nthawi yaitali chotero. Anamuyang'ana kuyambira m'khosi mpaka ku nsapato. Mphepo inkakupiza jekete, ndipo m'jeketemo munali malo okwana munthu wina.

"Rozina."

"Amayi."

"Bambo a Tereza anali ndi khosi lotere?"

"Aonda pang'ono, amayi."

"Kuno amadya chiyani?"

"Buledi ndi tiyi. Akalandira, tchipisi."

"Ichi?"

"Chomwechi, koma cha pa sitolo."

Mayi Zuze anatola kachidutswa ka tchipisi, n'kukayang'ana mbali zonse, n'kukabwezera m'mbale. Woperekera anatenga kambale ka malipiro n'kupita nako pakhonde. Zikuoneka kuti mbale imeneyo yokha ndiyo imaloledwa kutuluka.

Pobwerera, pa kombi, Layisoni anandinong'oneza osatembenuka.

"Anati chiyani?"

"Anati nkhuku sinayendepo."

"Za Rozina?"

"Sanatchule."

"Nanga chakudya changa?"

"Chili pabwino."

Sanandilankhulenso mpaka ku Trelawney.

Chichitikireni izi ndamva maganizo a anthu ambiri, poti mu komboni nkhani imafika mwini wake asanatsike basi. Achinyamata a ku shedi akuti mwambo wothawana ndi apongozi ndi wachikale, dziko linamasuka, munthu azidya ndi aliyense. Akuluakulu akuti cholakwa ndi hotela, ndipo munthu wa nzeru zake sadyera pa msewu ngati alibe kwawo. Mbali zonse ziwiri zandipempha kuti ndiziikire kumbuyo m'danga lino. Ine ndadya ku mbali zonse ziwiri, ndipo ndikufuna kupitiriza.

Chimene ndingafunse n'chakuti: pamene khomo lakutsogolo linatsegulidwa, alipo amene anayang'ana mipando? Tinalimbana kuti tilowe, ndipo tinalowadi. Koma chipindacho chinamangidwira anthu amene amakondana poyang'anana m'kamwa. Ife timalemekezana popatsana msana. Kutchalitchi kwathu amuna ali mbali yawo, akazi mbali yawo, ndipo Mulungu sanadandaulepo. Pamaliro n'chimodzimodzi. Paukwati, mbale zimapita uku ndi uku, ndipo aliyense amakhuta. Malo okhawo amene amatiumiriza kukhala mozungulira ngati tikuotha moto ndi amene timalipira.

Ndiye timapitirako chiyani? Kukoma? Ndani mwa inu anabwerako ku hotela n'kukana chakudya cha madzulo kunyumba? Timapita kuti tikaonedwe tikudya. Palibe cholakwa pamenepo, inenso ndimakonda kuonedwa, makamaka wina akamalipira. Koma musanatenge munthu kuti akaonedwe akudya, yambani mwafunsa ngati moyo wake wonse sanaugwiritse ntchito kupewa chinthu chomwecho.

Kwa eni mahotela a ku Norton, Chinhoyi ndi kwina, langizo langa ndi laulere: gulani nsalu yotchinga. Imodzi yokha, ya mawilo, yoti izikankhidwa pakati pa tebulo. Mudzaona mabanja a m'mapulazi akubwera ndi apongozi awo mwezi uliwonse ukatha. Ndipo uzani a makatoni aja kuti nthutumba azibweretsa. Sindikudziwa kumene amazipititsa, koma kwinakwake m'dziko muno kuli munthu amene akulandira ulemu wa anthu ena onse.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, kuseri kwa nyumba ya a Zuze kunamveka nkhuku ikulira kulira komaliza. Amene anaona akuti linali thadzi lakuda lija, limene linapulumuka Khirisimasi ndi ubatizo wa Tereza, thadzi loyenda, lodziwa ngodya zonse za komboni. Chakumasana fungo la anyezi ndi tomato linali litafika mpaka ku mjigo.

Zinangochitika kuti ndinali kwa Layisoni. Zimangochitika kawirikawiri. Iye anali atakhala pa mpando wa ndalema, akupukuta nsapato zopukuta kale, kukonzekera kubwerera ku Norton m'mawa mwake. Rozina analowa ndi mbale ziwiri zovundikira, n'kugwada, n'kuziika patsogolo pa mwamuna wake.

"Zachokera kwa amayi."

Layisoni anavundukula yoyamba. Sadza. Anavundukula yachiwiri. Nkhuku yathunthu, miyendo iwiri monga Mulungu anailengera, ikusambira mu msuzi wofiira. Pamwamba penipeni, poti ngakhale wakhungu aione, panali nthutumba.

Anaiyang'ana osaikhudza.

"Anena chiyani?"

"Akuti mudye, khosi libwerere. Akuti m'tauni yopanda msuzi munthu sakhala yekha." Rozina anakonza chitenje chake, akuyang'ana pansi kuti tisaone mano. "Akutinso lole ikamadzabwera kudzatenga katundu wathu, mudzayambe mwaona bwino matayala."

Msuweni wanga anatola nthutumba ija ndi zala, n'kutembenukira kukhoma kumene kuli nyumba ya apongozi ake, ngakhale panali zipupa ziwiri pakati, n'kuzindikira, n'kutembenukanso kuwapatsa msana. Anatafuna nthawi yaitali. Nthutumba ya thadzi lakale sithamangiridwa.

Monga katswiri amene anatsogolera ulendo wonse, ndinayembekezera kuti ntchito yanga ikumbukiridwa pogawa ziwalo.

Anandipatsa khosi.

Linali lokoma kuposa mbale ziwiri za ku Norton, ndipo ndikulemba izi monga munthu amene anadya zonse. Tereza akakulira m'tauni, akaphunzira kugwira foloko kumanzere popanda kupita ku koleji, ndipo tsiku lina mnyamata wina adzatengera Rozina ku hotela, pa tebulo lozungulira. Adzadya onse, akuyang'anana, akuseka. Zidzakhala bwino, sindikukana. Koma mnyamatayo akadzafuna kunena chinthu chachikulu kwa apongozi ake, chimene pakamwa sipangathe, adzatuluka kukaona matayala a yani?